Bambo akutsokomola koma fodya sakumusiya: ndiwathandize bwanji?

Funso

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chinamwali. Chimwalirireni mayi athu zaka ziwiri zapitazo, ndikukhala ndi bambo anga, omwe ali ndi zaka 58. Anayamba kusuta ine ndisanabadwe. Amagula ndudu pa okala, ndalama zikawathera amakulunga chingambwe papepala. Tsopano watha mwezi akutsokomola, makamaka m'mawa, ndipo mwana wanga wamng'ono ali ndi mphumu. Ndawakalipirapo, ndawabisirapo ndudu, tsiku lina ndinaziponya m'chimbudzi moti anatha masiku atatu osandiyankhula. Chaka chatha anasiya okha kwa milungu iwiri, kenako anayambiranso. Ndatopa nazo, koma ndikuopa kuti nawonso atisiya. Ndichite chiyani?

Yankho

Achemwali, pepani ndi imfa ya mayi, ndipo zikomo kuti simunawataye bambo ngakhale mwatopa. Ndayamba kalekale kuona odwala chifuwa kuno ku Zomba, ndipo m'kalata yanu muli chinthu chimodzi chomwe sichiyenera kudikira kuti bambo asiye kaye fodya. Ndi chifuwacho.

Munthu aliyense amene watsokomola milungu iwiri kapena kuposerapo ayenera kuyezetsa makhololo kuti tione ngati si TB. Osuta fodya ndiwo amachedwa kwambiri kubwera, chifukwa iwo eni ndi apabanja awo amangoti "n'cha fodya chimenechi, timachidziwa," mpaka munthu ataonda, thalauzi likumangidwa ndi chingwe. Pomwe utsi wa fodya umafooketsa chitetezo cha m'mapapo, moti wosuta amadwala TB mosavuta kuposa wosasuta, ndipo ikamugwira imamuzunza kwambiri. Kuchokera ku Chinamwali, chipatala cha Matawale sichili kutali, komanso Zomba Central ilipo. Kuyeza makhololo ndi mankhwala a TB m'zipatala za boma n'zaulere. Ngati m'makhololo mukuoneka magazi, ngati akutuluka thukuta usiku, akuonda, mawu asasa kwa milungu ingapo, kapena akubanika akangokwera kamtunda kakang'ono, musadikire kuti sabata ithe. Akayezetsenso BP ndi shuga pa ulendo womwewo, poti pa msinkhu wawo, ndi zaka zonse zimene asutazi, mtima ndi mitsempha ya magazi zimakhala zitatopa kale.

Ulendo umenewu uli ndi phindu linanso. Mawu amene mwana wawo akanena amamveka ngati mwano, akachokera kwa wachipatala atanyamula zotsatira m'manja amalowa. Ngakhale uphungu wa mphindi zochepa chabe wochokera kwa wazaumoyo umathandiza anthu ena kusiya. Choncho wachipatalayo adziwe zoona: amasuta kuyambira liti, zingati patsiku, komanso kuti chingambwe chilipo. Odwala ambiri ndikawafunsa amati "pang'ono chabe, adokotala," akazi awo kumbuyoko akupukusa mutu. Koma musawachititse manyazi pamaso pa anthu. Apempheni muli panjira kuti akanene okha.

Tsopano za ndudu zija munaponya m'chimbudzi. Sindikukudzudzulani, munthu amene waika mayi ake m'manda, n'kumamva bambo akutsokomola usiku kuchipinda chinacho, amachita zinthu ndi mantha. Koma taonani mmene zinaonekera kwa iwo. Bambo wa zaka 58, akazi awo anatsogola, akudya nsima yophika mwana wawo, ndiye mwana yemweyo akupisa m'matumba mwawo ngati kamnyamata ka pasukulu. Masiku atatu aja chimene chinkawawa kwambiri ndi ulemu umene anaona kuti wachotsedwa. Ndipo palibe chimene munawauza chomwe sankachidziwa. Sindinakumanepo ndi wosuta wopitirira zaka 50 amene sadziwa kuti fodya akumupweteka. Amadziwa m'mawa uliwonse akamalavula kuseri kwa nyumba. Chimene chawagwira ndi chibaba, ndipo chibaba sichimva kukalipa.

M'fodya muli chikonga, chimene kuchipatala timati nikotini. Munthu akakoka utsi, chikongacho chimafika mu ubongo pasanathe masekondi 20, n'kuuchititsa kutulutsa timadzi tomwe timapatsa munthu kukondwa ndi kumasuka. Zikachitika kambirimbiri patsiku kwa zaka 30 kapena 40, ubongo umasintha, umazolowera kugwira ntchito chikongacho chilipo. Koma sichikhalitsa m'magazi: pakatha maola awiri theka lake limakhala litatha. Apa m'pamene munthu amayamba kusakhazikika, kupsa mtima pa zazing'ono, maganizo osakhala pamodzi, ndipo ndudu yotsatira imachotsa zonsezi nthawi yomweyo. N'chifukwa chake osuta amalumbira kuti fodya amawakhazika mtima pansi. Amakhala akuzimitsa moto umene fodya yemweyo anayatsa.

Chikonga ndicho chimamanga munthu, koma chopha kwambiri ndi utsi. Mu utsimo muli zinthu zoposa 7,000, pafupifupi 70 mwa izo zoyambitsa khansa, komanso mpweya woipa uja umapha anthu akagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka nthawi ya June. Bambo akadzakuuzani kuti chingambwe n'chabwinoko poti n'chakumunda, chosadzera kufakitale, dziwani kuti poizoniyo amachokera m'tsamba lenilenilo likamapsa, ndiye muwonjezepo inki ya nyuzipepala imene akulungirayo. Fodya wa pamphuno kapena woika kukamwa nayenso si pothawira. Chikonga n'chomwecho, ndipo woika kukamwayo amawononga nkhama ndi m'kamwa monse.

Mawu amene andilimbitsa mtima kwambiri m'kalata yanu ndi akuti chaka chatha anasiya okha milungu iwiri. Inu mwawalemba ngati kulephera. Ine ndikuona munthu amene anaganiza yekha, wosakakamizidwa, n'kudutsa masiku owawa kwambiri, poti chibaba chimafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Ambiri amene lero timati anasiya fodya anagwapo kangapo asanaime. Nkhani yanu ndi bambo iyambire pamenepo. Sankhani nthawi imene adya, akhuta, ana kulibe. Khalani pansi, monga mwana amakhalira poyankhula ndi kholo lake, ndipo muyambe n'kupepesa za ndudu zija. Kenako funsani: "Bambo, chaka chatha munapirira milungu iwiri yathunthu. Chinakuchititsani kuti muyese n'chiyani? Nanga tsiku limene munayambiranso lija kunachitika zotani?" Mukafunsa, khalani chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akayankha zimene simukugwirizana nazo, musatsutse tsiku limenelo.

Funsaninso chimene fodya amawachitira. Funsoli limamveka lachilendo, koma yankho lake ndilo limatiuza pogwira. Msodzi wina wa ku Kachulu anandiuza kuti kumtunda akhoza kutha tsiku osasuta, koma usiku pa Chilwa, m'bwato, mphepo ikuwomba ndipo tulo tikubwera, ndudu ndiyo imamukhalitsa maso. Bambo wina wamasiye, wa msinkhu ngati wa bambo anu, nditamufunsa anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana chipewa chake, kenako anati amasuta kwambiri dzuwa likangolowa, pakhonde, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene ankacheza ndi malemu akazi ake akusankha nyemba m'lichero. Kampando ka mayiwo kanali kadakali pomwepo. Munthu ameneyo kumuopseza ndi zithunzi za mapapo akuda sikukanathandiza. Chimene chinamuthandiza ndi mdzukulu wake wamkulu amene anayamba kukhala naye pakhonde madzulo. Taganizirani ngati bambo anawonjezera kusuta chimwalirireni mayi. Ngati sakugona, sakudya bwino, asiya kupita kumene ankakonda, kapena akumanena mawu ngati "ndingomutsatira mnzanga," zimenezo muzinene kuchipatala mosabisa. Kukhumudwa kwa mtundu umenewu ndi matenda ochizika, ndipo ife tili ndi mwayi kuti Zomba Mental Hospital ili mumzinda mwathu momwemu. Anthu amaopa dzina lake, koma ogwira ntchito ya matenda a maganizo ndi omwenso anaphunzira kuthandiza anthu omangidwa ndi mowa, chamba ndi fodya.

Pali mawu ena amene mwana wamkazi sangawauze bambo ake, ndipo palibe chifukwa chothyolera mwambo pamenepa. Pezani munthu wa msinkhu wawo amene amamumvera: achimwene awo, mnzawo wa pa bawo, mkulu wa mpingo kapena shehe. Akapezeka amene anasutapo n'kusiya, ameneyo ndiye woyenera kuposa tonsefe. Koma apite yekha, ngati wodzacheza. Mukasonkhanitsa abale onse kuwakhalira bwalo, bambo adzavomera ndi pakamwa kuti anthu abalalike, kenako adzayamba kusutira kumunda kapena kuseri kwa chimbudzi, ndipo fodya wobisa ndi wovuta kumuthetsa kuposa wa poyera. Ngati ndi Asilamu, mwezi wa Ramadan ndi mpata waukulu, poti amakhala akutha kale usana wonse osasuta. Akhristu ena amagwiritsa ntchito nyengo ya Lenti chimodzimodzi.

Konzekerani mayankho awiri amene ine ndimawamva kawirikawiri. Loyamba ndi lakuti "agogo anga anasuta kaliwo mpaka zaka 90." Alipo otero, koma anzawo a agogowo amene anapita ali ndi zaka 50 palibe amawatchula, mwa anthu osuta osasiya, mpaka theka amafa ndi matenda obwera ndi fodya. Lachiwiri ndi lakuti "ndakula kale, ndisiyirenji lero?" Kafukufuku amene anatsatira madokotala a ku Britain kwa zaka 50, kuyambira 1951, anapeza kuti osuta moyo wawo unkafupika ndi zaka pafupifupi 10, koma osiya ali ndi zaka 50 ankapulumutsapo zaka pafupifupi 6, ndipo osiya ali ndi zaka 60 ankapulumutsapo pafupifupi 3. Thupinso silichedwa kuyamba kuchira: pakatha maola 12 mpweya woipa uja umakhala utatsika m'magazi, pakati pa milungu 2 ndi 12 magazi amayenda bwino ndipo mapapo amakoka bwinoko, pakatha chaka chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka. Kwa bambo zimenezi muziike m'zinthu za moyo wawo: kupalasa njinga kuchoka ku Chinamwali mpaka m'tauni osatsika pamtunda, kugona usiku wonse osadzutsidwa ndi chifuwa, kudzaona mdzukulu akulemba mayeso a Sitandade 8.

Ena amawonjeza kuti fodya ndiye wagwira chuma cha dziko lino. N'zoona, ndiye mbewu yobweretsa ndalama zakunja zambiri, ndipo analowa mpaka m'miyambi yathu, paja timati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sitikunyoza mlimi amene akudikira mabelo ake ku okushoni ku Limbe. Koma kulima n'kwina, kusuta n'kwina, ndipo dziko lathu lomweli mu 2023 linalowa m'pangano la mayiko la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, lochepetsa kusuta.

Pali chinthu chimodzi chomwe mungapemphe lero, asiye asasiye: utsi usalowenso m'nyumba. Apa mukuyankhula ngati mayi wa mwana wa mphumu, ndipo agogo ambiri amamva msanga za mdzukulu kuposa za iwo eni. Utsi wa wina umadzutsa mphumu, umabweretsa chibayo ndi matenda a m'makutu kwa ana, ndipo kutsegula windo sikukwanira. Umakanirira m'makatani, m'mabulangete ndi m'malaya amene agogo amanyamulira mwana. Asankhe okha malo panja, kutali ndi khomo ndi mawindo, inu muwaikire mpando pamenepo. Ananso asatumidwe kukagula ndudu pa okala kapena kukayatsa. Ine ndinakulira kwa agogo amene ankandituma ndi chingambwe chawo kukhitchini kuti ndikayatse pa chikuni. Kuti chisazime panjira, umayenera kukoka kamodzi kapena kawiri. Ndinali ndisanakwane zaka 10, ndipo ndimakumbukirabe chizungulire chake ndi kuwawa kwa pakhosi. Amuna ambiri amene ndimawafunsa kuti munayamba bwanji amanditchulira ntchito yotumidwa yomweyo. Kusutira panja kumathandizanso bambo, poti ndudu yofuna kuti munthu adzuke, avale juzi, atuluke mu mphepo ya ku Zomba, nthawi zina imangosiyidwa. Mwanayo musamukhazikenso mu utsi wa nkhuni kapena makala mukamaphika.

Tsiku limene adzanene kuti "ndiyesenso," asankhe okha tsiku losiyira m'kati mwa milungu iwiri, lomwe si la malipiro, si la ukwati kapena chinkhoswe. Afunseni mafunso awiri: akadzuka, ndudu yoyamba amayatsa patapita nthawi yaitali bwanji, ndipo patsiku zimakwana zingati? Amene amayatsa pasanathe mphindi 30 chidzukireni, kapena amapitirira ndudu 10, chibaba chake chimakhala champhamvu ndipo ndi amene amafunikira kwambiri mankhwala. Kuchepetsa pang'onopang'ono kuli bwino ngati njira yofikira tsikulo, koma asakhazikike pa "imodzi yokha patsiku." Kafukufuku wamkulu wa mu 2018 anaonetsa kuti ndudu imodzi patsiku imabweretsa pafupifupi theka la chiopsezo cha matenda a mtima chimene ndudu 20 zimabweretsa. Madzulo a tsiku lomaliza achotse ndudu zotsala, machesi a m'thumba, ndi masamba a chingambwe amene anatsomeka kudenga. Achotse ndi manja awo, inu musakhudze. Ngati ali ndi ngongole ya ndudu pa okala, ailipire n'kumuuza okha wogulitsayo kuti asiya.

Sabata yoyamba idzakhala yovuta m'nyumba mwanu, ndipo ndi bwino muwauziretu ana kuti agogo akadzakalipa si kuti awada. Adzapsa mtima pa mchere wa m'ndiwo, tulo tidzasowa, njala idzachuluka, akhoza kudzimbidwa, ndipo chifuwa chikhoza kuyamba chakula kaye pamene mapapo akutulutsa zimene zinaunjikana. Zambiri mwa izi zimazilala pakati pa milungu iwiri ndi inayi. Akakalipa musabwezere, ndipo chonde musadzanene mawu amene ndawamva m'mabanja ambiri, akuti "bola muzingosuta, mwatitopetsa." Munthu wachibaba amangodikira chilolezo chotero.

Chibaba chenichenicho chimabwera ngati kamvuluvulu. Chimazunguza zonse, koma pakatha mphindi zitatu kapena zisanu chadutsa, kaya munthu wasuta kaya sanasute. Ntchito yonse ndi yodutsa mphindi zimenezo. Amwe madzi pang'onopang'ono. M'thumba momwe munkakhala ndudu mukhale mtedza kapena chimanga chokazinga. Nzimbe nazo zimathandiza ngati alibe shuga. Adzuke, ayende mpaka kumsewu n'kubwerera. Manja asangokhala: kutong'ola chimanga, kukonza mpini wa khasu, bawo ndi mdzukulu. Onani zinthu zimene zimayendera limodzi ndi ndudu, monga tiyi wa m'mawa ndi kumaliza nsima, ndipo musinthe kachitidwe kake. Akatha kudya asakhale pampando uja wa masiku onse, atsuke m'kamwa n'kutuluka. Tiyi wamphamvu achepetse, makamaka madzulo, chifukwa munthu akasiya fodya mphamvu ya tiyi ndi khofi imakhalitsa m'thupi kuposa kale, n'kuwonjezera kusowa tulo. Koma mdani wamkulu ndi mowa. Kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo, mwezi woyamba aupewe ndithu, poti ndaona anthu olimba mtima ambiri akugwa pa botolo lachiwiri.

Mankhwala othandiza alipo. Mu July 2024 bungwe la WHO linatulutsa malangizo ake oyamba a kathandizidwe ka akuluakulu ofuna kusiya fodya, ndipo linatchula mankhwala a nikotini, varenicline, bupropion ndi cytisine. Munthu akaphatikiza mankhwala ndi uphungu, mwayi wake wosiyiratu umakula kwambiri kuposa akamalimbana yekha. A nikotini amabwera ngati chigamba chomata pakhungu kapena chingamu. Amapatsa thupi chikonga chochepa chopanda utsi, n'kumatsitsa mlingo kwa milungu 8 mpaka 12. Chigamba amamata chimodzi m'mawa pakhungu louma lopanda cheya, n'kumasintha malo tsiku lililonse. Chingamucho sichitafunidwa ngati cha ana: amatafuna pang'ono mpaka amve kuwawira, n'kuchisunga kutsaya, kenako n'kutafunanso, kwa theka la ola. Kuno kwathu mankhwalawa sapezeka paliponse ndipo mtengo wake si wa aliyense, choncho funsani kwa dokotala ndi m'masitolo akuluakulu ogulitsa mankhwala. Atatu enawo, varenicline, bupropion ndi cytisine, ndi mapiritsi, ndipo asamwe popanda kulemberedwa. Bupropion, mwachitsanzo, ndi woletsedwa kwa odwala khunyu. Akasowa musataye mtima, poti anthu ochuluka amene anasiya fodya padziko lapansi anasiya opanda mankhwala. Timabotolo togulitsa m'misewu tolonjeza kuthetsa chibaba tsiku limodzi musataye nato ndalama. Ndipo ngati bambo akumwa kale mankhwala a matenda a maganizo, a mphumu, a shuga kapena oletsa magazi kuundana, wowalembera adziwe kuti asiya fodya, chifukwa mlingo wa ena umafunika kusinthidwa.

Ndalama nazo zimalimbikitsa. Tingoyerekeza kuti ndudu imodzi ndi K100 ndipo amasuta 10 patsiku: ndi K1,000 patsiku, K30,000 pamwezi, K365,000 pachaka. Ikanipo mtengo weniweni wa pa okala yanu, muwerengere limodzi. Ndalamazo asunge okha, m'chitini kapena pafoni ku Airtel Money kapena Mpamba, adzagule chinthu chooneka chimene iwo akufuna, kaya mbuzi, kaya malata, kaya wailesi. Musazitengere ku ndiwo.

Ndiye pali sabata yachitatu, pomwe anagwera chaka chatha. Nthawi imeneyi apabanja amakhala ataiwala, aliyense akuona ngati nkhani yatha, pomwe wosiyayo wayamba kudziuza kuti "ndalimba tsopano, imodzi siingandichite kanthu." Apa m'pamene muyenera kuyandikira. Mawu ochepa amakwana: "Bambo, lero ndi tsiku la 20, usiku sindinakumveni mukutsokomola." Malo amene amuna ambiri kuno amagwera ndi pamaliro. Usiku wochezera, amuna akhala mozungulira moto panja, kukuzizira, mitima ili ndi chisoni, ndudu imodzi ikuyenda dzanja ndi dzanja, ndipo kukana kumaoneka ngati kudzikweza. Kwa bambo anu, amene maliro aliwonse amawakumbutsa mayi, pamenepa m'poterera kawiri. Kambiranani zimenezi maliro asanagwe. Atenge mtedza wawo, akhale pafupi ndi mnzawo wosasuta kapena mbali imene utsi sukupita, ndipo yankho likhale lokonzeratu: "Zikomo, ine ndinasiya." Asanene kuti "ndikuyesa kusiya," poti anzawo akamva choncho amati "ingokokani kamodzi, mawa mupitiriza."

Tsiku lina mukhoza kumva fungo pa malaya awo. Mtima udzakupwetekani, ndikudziwa. Musanunkhize zovala, musapise m'matumba, musanene kuti "ndimadziwa ine." Dikirani mtima utsike, kenako funsani kuti kunachitika chiyani, anali ndi ndani, ndipo adzatani akadzafikanso malo omwewo. Ndudu imodzi siifafaniza milungu itatu. Chimene chimabwezera munthu ku paketi ndi manyazi, ndi maganizo akuti zonse zawonongeka kale. Ataye zotsalazo tsiku lomwelo n'kupitiriza. Akabwereratu, pumulani kaye, pangano losutira panja likhalebe, ndipo pakapita mwezi umodzi kapena iwiri mufunsenso mwaulemu ngati ali okonzeka kusankha tsiku lina. Zimene zinawagwetsazo ndizo mudzakonzekere ulendo wotsatira.

Zikhozanso kutheka kuti akane ndithu, anene kuti za fodya musawauzenso. Zimawawa, koma si mlandu wanu, ndipo chibaba cha munthu wina simungachisenze inu. Muli ndi ana awiri, maliro a mayi akadali mumtima, ndipo mutu umodzi susenza denga: alongo anu ndi abale ena atengeko mbali, wina aziwaimbira foni madzulo, wina aziwaperekeza kuchipatala. Ndaonapo anthu okana kwamtuwagalu akubwera okha patapita miyezi, mdzukulu atagonekedwa ndi mphumu kapena mnzawo wa pa bawo atafa ziwalo, ndipo amabwerera kwa munthu amene sanawanyoze nthawi imene ankakana ija.

Sabata ino za kusiya musazitchule kaye. Pemphani ziwiri zokha: utsi panja, ndi ulendo wa kuchipatala. Auzeni kuti chifuwacho chakudetsani nkhawa ndipo mukufuna muwaperekeze. Tengani buku lawo la kuchipatala, mulawire m'mawa mzere usanatalike. Akapezeka ndi TB, mankhwala ake nthawi zambiri ndi a miyezi 6, ndipo nonse a m'nyumbamo muyenera kuyezedwa, makamaka ana osakwana zaka 5, omwe amapatsidwa mankhwala oteteza. Akapanda kupezeka nayo koma chifuwa n'kumapitirira, bwererani mukapemphe kuti awajambule pachifuwa. Mwana wa mphumu uja mumutengerenso buku lake, aonedwe tsiku lomwelo.